Kumanga Injini Yamphamvu Yozizira ndi Mpweya: Mafunso ndi Mayankho

Awa ndi mafunso amene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi anthu ofuna kuwonjezera mphamvu pa injini yopanda rediyeta. Zitsanzo zambiri ndatenga pa injini ya Volkswagen Beetle, poti ndi imene ambiri amayambira, komanso ndi imene manja anga anaizolowera. Mudzaona kuti funso lililonse, ngakhale la mapisitoni kapena la kabuleta, likukathera pa nkhani ya kutentha. Sindinachitire dala, ndi mmene injinizi zilili.

Kodi injini yopanda madzi imazizira bwanji?

Masilinda ndi mahedi ake amakhala ndi zipsepse zambirimbiri. Fani imakoka mpweya wa panja, n'kuukankhira m'chinyumba cha malata chimene chimauwongolera kuti udutse m'mipata ya zipsepsezo, utole kutentha, n'kutulukira kunsi kwa galimoto. Pa Beetle faniyo imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku crankshaft, yemweyo amene amayendetsa jenereta. Ntchito yotsalayo imagwiridwa ndi oyilo, amene amanyamula kutentha kwa m'mabeyaring'i ndi kunsi kwa mapisitoni kupita nako ku choziziritsira chake.

Madzi ali ndi ubwino woti amameza kutentha kwambiri asanatenthe okha, ndipo amakugawa mofanana m'injini monse. Mpweya ulibe chipiriro chotere. Pamene sunafike pamatentha nthawi yomweyo, kwina kuli kozizira bwinobwino.

Injini yotere ingakhaledi yamphamvu, kapena ndi maloto chabe?

Ingakhale. Porsche 911 inaonetsedwa ku Frankfurt mu 1963 ili ndi masilinda 6, malita 2 ndi horsepower 130. Pofika pa 993 Turbo ya m'ma 1990, injini ya mtundu womwewo inali ya malita 3.6 ndipo inkaposa horsepower 400. Porsche 917, ya masilinda 12, inapambana mpikisano wa Le Mans mu 1970 ndi 1971 ikuzizira ndi fani. Ku America, Chevrolet Corvair inali kale ndi turbo mu 1962.

Koma malire alipo, ndipo a Porsche eniake anakagunda pamenepo. Atafuna mavalavu anayi pa silinda iliyonse, malo odutsa mpweya pakati pa mavalavuwo anasowa. N'chifukwa chake galimoto yawo ya mpikisano ya 935/78, kenako 959, zinali ndi mahedi ozizira ndi madzi pamene masilinda ankazizirabe ndi mpweya. 911 yotsiriza yozizira ndi mpweya inatuluka mu 1998. Phunziro lake ndi lakuti pothinana kwenikweni ndi pa hedi, makamaka mozungulira valavu yotulutsa utsi. Mukamamanga yanu maso akhale pamenepo.

Ndiyambire pati?

Musanagule kalikonse, dzifunseni kuti galimotoyo muzidzayenda nayo bwanji. Injini yothamanga masekondi ochepa pa mpikisano n'kuzimitsidwa imatha kuyenda ngakhale popanda fani. Yoyenda maola asanu mumsewu waukulu, dzuwa lili pamutu, ndi nkhani ina. Ya Kombi, yokankha thupi lalikulu lolimbana ndi mphepo, imavutika kuposa zonse.

Mphamvu ya mu petulo imene imafika pozunguza matayala sifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Yotsalayo imasanduka kutentha, kwina n'kutulukira ku ekizosi, kwina n'kutsalira m'zitsulo. Injini ya Beetle ya 1600 cc inkatulutsa horsepower pafupifupi 50, ndipo fani ndi zipsepse zake anaziyeza molingana ndi ntchito imeneyo. Mukaifikitsa pa 120, zipsepse zija sizikulako ayi. Choncho gawani ndalama zanu motere: choyamba zoziziritsa ndi mageji, kenako mahedi abwino, zonyezimira pambuyo.

Ndikulitse injini kufika pati?

Ya 1600 ili ndi masilinda otambalala mamilimita 85.5, pisitoni n'kumayenda mamilimita 69, zomwe zimapereka 1584 cc. Mukaika masilinda a 90.5 pa crankshaft yomweyo mupeza 1776 cc. A 94 amapereka 1915 cc. Mukasintha crankshaft n'kuika ya mamilimita 82, a 90.5 amapereka 2110 cc ndipo a 94 amapereka 2276 cc.

Pali masilinda awiri amene ine sindiwakonda pa galimoto ya tsiku ndi tsiku: a 87 ndi a 92 opyapyala. A 87 amakopa anthu chifukwa amangolowa popanda kuboola buloko, koma kukula kwawoko anachita kupala m'kati, khoma n'kutsala lopyapyala. A 92 nawonso amalowa pa bowo la a 90.5, ndiye khoma lawo ndi lochepa. Silinda yotere ikatentha imasiya kukhala yobulungira bwino, maring'i n'kuyamba kuphonya, utsi n'kumalowa m'buloko. Kwa woyamba kumene ndimati 1776. Ili ndi khoma lochindikala, siifuna kusema zambiri, ndipo ikapatsidwa mahedi ndi makabuleta oyenera imakoka mosangalatsa. Yaikulu ili ndi ubwino wake, poti imakoka popanda kuizunguza kwambiri, koma imafuna mmisiri woti anamangapo zingapo.

Buloko lakale lingagwirebe ntchito?

Lingagwire, litayesedwa kaye. Buloko la Beetle ndi la magnesium wosakaniza, chitsulo chopepuka koma chotopa msanga. Malo okhala mabeyaring'i a crankshaft amaphwanyika pang'onopang'ono, ndipo amafunika kuwaboolanso pa makina kuti abwerere mumzere umodzi. Litsukeni liyere, muyang'anitsitse ming'alu kuseri kwa silinda yachitatu, mbali ya flywheel. Mazinga a mabawuti aatali omanga mahedi amazuka, ndiye ikanimo timphete tachitsulo timene amatitcha case saver.

Ngati injini izidzazungulira kupitirira 5,000 pa mphindi, crankshaft ikhale ya counterweight, kutanthauza yokhala ndi zitsulo zolinganiza kulemera kwake, flywheel imangidwe ndi zikhomo 8 m'malo mwa 4, ndipo zonse zozungulira zikayesedwe limodzi pa makina kuti pasakhale mbali yolemera. Amene sakufuna za magnesium angayang'ane injini ya Volkswagen yotchedwa Type 4, imene inali mu Porsche 914 ndi ma Kombi a m'ma 1970. Buloko lake ndi la aluminiyamu, ili ndi fyuluta ya oyilo kuchokera ku fakitale, ndipo yaikulu yake ndi ya malita 2.

Compression ikhale yotani?

Compression ndi muyeso wa mmene pisitoni imafinyira mpweya m'silinda, ndipo nambala imodzi yoyenera aliyense palibe. Ya fakitale inali pafupifupi 7.5:1. Za mumsewu zambiri zimakhala pakati pa 8:1 ndi 9:1, malinga ndi camshaft ndi petulo amene mumapeza. Camshaft yochedwa kutseka valavu yolowetsa imataya mpweya wina injini ikamayenda pang'onopang'ono, motero imafuna compression yokwererapo. Yofatsa imafuna yotsikirapo.

Chimene ambiri amalakwitsa ndi njira yotsitsira. Amaunjika zitsulo zopyapyala pansi pa silinda mpaka pisitoni n'kumaima kutali ndi hedi. Mpata umenewo ukhale pakati pa milimita 1 ndi 1.5. Ukakhala wothina chonchi, pisitoni pofika pamwamba imafinya mpweya wa m'mbali n'kuuthamangitsira pakati, moto n'kuyaka msanga ndi mofanana. Ukakula, moto umayaka mwaulesi, umafuna tayiming'i yambiri, hedi n'kumatentha. Ngati compression yakwera, kulitsani chibowo cha m'hedi, mpatawo muusiye. Ndipo muyese chibowo chilichonse ndi madzi a m'sirinji, musangokhulupirira zolembedwa pa katoni.

Malata onse aja ndi ofunikadi? Ena amaoneka opanda ntchito.

Apa ndiye ndichedwepo, chifukwa injini zambiri zimene ndaziona zitapsa zinafera pa kalata kamene wina anakaiwala pansi pa tebulo.

Mpweya umakonda njira yapafupi. Ukapeza bowo umathawira pomwepo, zipsepse n'kutsala zikudikira. Kunsi kwa masilinda, pakati pa awiriawiri, pali timalata ting'onoting'ono tokakamiza mpweya kuti uzungulire silinda mpaka kumimba kwake. Timaikidwa machubu a pushrod, tindodo tokankha mavalavu, asanalowe. Mukatiiwala, mpweya umangogwera pansi pakati pa masilinda, kunsi kwake n'kumapsa, ndipo kuti mutiike muyenera kuchotsanso mahedi. Pa waya wa pulagi aliyense pali kalabala kotseka bowo. Mapaipi a hita akachotsedwa, pakamwa pake pa chinyumba cha fani patsekedwe.

Kenako pali labala wamkulu wozungulira injini yonse, wolekanitsa chipinda cha pamwamba ndi kunsi kwa galimoto. Ntchito yake ndi yoti mpweya wotentha umene wangotuluka kunsi, pamodzi ndi wa pa ekizosi, usabwererenso ku fani. Ndinavutikapo masabata awiri ndi 1776 imene inkatentha ikangofika mumsewu waukulu. Ndinasintha majeti, ndinabweza tayiming'i, osaphula kanthu. Tsiku lina madzulo ndinaika tochi pansi pa galimoto n'kutsegula chitseko cha injini: kuwala kunkalowa pa ngodya ya kumanzere, pamene labala anang'ambika motalika ngati chikhatho changa, pamwamba penipeni pa paipi ya ekizosi. Nditaika watsopano geji inatsika tsiku lomwelo. Chiyambire pamenepo injini iliyonse ndimaiyesa ndi tochi. Paliponse pamene kuwala kwadutsa, mpweya wotentha udutsanso.

Malata ogula atsopano, makamaka onyezimira, nthawi zambiri sakhala bwino, ndipo zinyumba zina za fani zilibe n'komwe timapiko ta m'kati togawa mpweya. Ndi bwino kuwongola ndi kupenta akale a fakitale. Musaiwalenso kupisa dzanja kuseri kwa chinyumba, injini itazima. Kansanza kapena pepala lokokedwa ndi fani limatha kupha injini pa ulendo umodzi. Pomaliza, makabuleta awiri aakulu amalimbirana mpweya ndi fani m'chipinda chimodzi, ndiye chitseko cha injini chikhale ndi mipata yokwanira.

N'chifukwa chiyani silinda yachitatu ndi imene imapsa kawirikawiri?

Pa injini zakale choziziritsira oyilo chinkaima m'kati mwa chinyumba cha fani, panjira ya mpweya wopita kumanzere. Silinda yachitatu inkalandira mpweya wochepa, wotenthedwa kale. A Volkswagen ankalidziwa vutoli, moti ma distributor ena ankachedwetsako moto wa silinda imeneyi. Kuyambira pa magalimoto a 1971 choziziritsiracho anachitulutsira m'kachipinda kakekake kutsogolo kwa chinyumba, kotchedwa doghouse, ndipo fani anaikulitsa m'lifupi. Injini yamphamvu iliyonse ikhale ndi chinyumba cha mtundu umenewu, fani yake yotambalala, ndi kalata kotulutsira mpweya wa choziziritsiracho kunja.

Ndichotse thermostat ndi timapiko take kuti mpweya uzidutsa wambiri?

Ayi. Thermostat imatseka timapiko ta m'chinyumba cha fani injini ikadali yozizira, n'kutitsegula ikatentha. Timapikoto tikatseguka timathandiza kulozetsa mpweya ku mahedi. Komanso injini yochedwa kutentha imadyeka: petulo amatsuka oyilo m'makoma a silinda, ndipo chinyezi chimasanduka phala loyera pansi pa chivindikiro cha oyilo.

Nanga pule yaing'ono ya pa crankshaft imene amati imawonjezera mphamvu?

Imawonjezeradi pang'ono, chifukwa imachedwetsa fani. Fani ndi yadyera: liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu imene imadya imawirikiza pafupifupi kasanu ndi katatu. Pa mpikisano waufupi phindu lilipo. Mumsewu mukhala mukugulitsa mpweya wa mahedi kuti mugule horsepower zochepa zoti simudzazimva n'komwe. Siyani pule ya fakitale. Injini yozungulira kwambiri ikhale ndi fani yowotcherera, chifukwa wamba imatha kumwazika.

Lamba azilowa mamilimita 10 mpaka 15 mukamudina ndi chala pakati, ndipo wina wapadera azikhala m'galimoto. Getsi lofiira la jenereta likayaka mukuyenda, imani pomwepo. Lamba akaduka fani nayo yaima.

Geji ya oyilo ikuonetsa bwino. Ndiye kuti zonse zili bwino?

Osati kwenikweni. Oyilo ndi mahedi zimatentha pa zifukwa zosiyana. Oyilo amatsatira kwambiri liwiro la injini, pamene mahedi amatsatira katundu amene mwaisenzetsa, kuchuluka kwa petulo ndi tayiming'i. Oyilo amatenga mphindi zambiri kuti asinthe, hedi imakwera pa masekondi. Mutha kukwera chitunda oyilo ali pa madigiri 95 a Celsius, hedi ikupsa.

Ikani mageji atatu. Ya kutentha kwa oyilo: pakati pa madigiri 80 ndi 105 ndi pabwino, kupitirira 120 imani mufufuze. Ya mphamvu ya oyilo: injini itatentha, pafupifupi 10 psi pa kuzungulira 1,000 kulikonse pa mphindi. Ya kutentha kwa hedi, imene kamphete kake kamakhala pansi pa pulagi ya silinda yachitatu: poyenda wamba izisewera pakati pa 150 ndi 190. Ikadutsa 200 n'kukhazikika, aluminiyamu amayamba kufooka, ming'alu imabadwa pakati pa mavalavu, ndipo mphete yokhalapo valavu imatha kukhwefuka n'kugwera pa pisitoni.

Ndiwonjezere choziziritsira oyilo china? Nanga sampu yakuya?

Beetle imanyamula malita 2.5 okha, ndipo ilibe fyuluta, ili ndi kasefa ka waya basi. 911 zambiri zozizira ndi mpweya zinkanyamula malita oposa 10, ndipo zinali ndi thanki yapadera ya oyilo. Choyamba boolani buloko kuti oyilo yense wochokera ku pampu azidutsa mu fyuluta yeniyeni asanafike ku mabeyaring'i. Choziziritsira chachiwiri chiikidwe pa mzere womwewo, chikhale ndi thermostat yake, pamalo opita mphepo. Musachiike pakamwa pa fani, chifukwa mukatero kutentha kwa oyilo mukukupereka ku mahedi. Ndipo cha doghouse chija chisachoke.

Sampu yakuya siiziziritsa kwenikweni. Imangochedwetsa kutentha, n'kuthandiza kuti pampu isayamwe mphepo pokhota mwaliwiro.

Chenjeraninso ndi oyilo wolimba kwambiri ndi pampu yaikulu mopitirira. M'buloko muli kavalavu kamene, mphamvu ya oyilo ikakwera, kamaganiza kuti oyiloyo ngozizira, n'kumulambalalitsa choziziritsira. Munthu amathira wolimba kuti ateteze injini, oyiloyo n'kumatentha kuposa kale. Pampu ya mamilimita 26 imakwanira injini zambiri za mumsewu.

Kabuleta ndi tayiming'i zimakhudza bwanji kutentha?

Kuposa mmene ambiri amaganizira. Makabuleta awiri, monga Weber IDF kapena Dellorto DRLA, amapatsa silinda iliyonse khosi lakelake, motero zonse zimadya mofanana. Aakulu mopitirira amapangitsa injini kutsamwa ponyamuka. Pa 1776 a mamilimita 40 ndi okwanira. Majeti musasankhe ndi khutu lokha, ikani pa ekizosi geji ya wideband, yoyesa muyeso wa mpweya ndi petulo. Muyeso woti petulo apse yense ndi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, ndipo pafupi ndi pamenepo m'pamene moto umatentha kwambiri. Mukaponda mpaka pansi geji izionetsa 12.5 mpaka 13. Petulo woonjezerayo amateteza hedi. Paipi yolowetsa ikamayamwa mpweya m'mbali, silinda imodzi imasowa petulo mwakachetechete, zinzake zili bwino.

Tayiming'i muziika ndi tochi yake, injini ikuzungulira kupitirira 3,000 pomwe distributor yatsegula yonse, paipi ya vacuum itachotsedwa. Moto uziyaka pakati pa madigiri 28 ndi 32 a kuzungulira kwa crankshaft pisitoni isanafike pamwamba. Mukamva kaphokoso ngati timiyala m'chitini pokwera mtunda, moto ukuphulika m'malo moyaka. Bwezani phazi msanga. Kuseri kwa phokoso la fani ndi ekizosi, nthawi zina simungakamve n'komwe, mudzangoona pisitoni itabooka.

Mavalavu ndiziwayesa kangati?

Nthawi iliyonse yosintha oyilo, injini itazizira usiku wonse. Ndi ma pushrod a aluminiyamu mpata ndi mamilimita 0.15. A chitsulo cha chromoly satalika mofanana ndi injini ikatentha, ndiye amaikidwa pafupifupi opanda mpata, ongozungulira ndi zala. Muzilemba m'kabuku zimene mwapeza. Valavu yotulutsa utsi imataya kutentha kwake kochuluka pa kanthawi kamene yakhala pa mphete yake, choncho ikathina imapsa. Mukaona valavu yomweyomweyo ikuthina ulendo uliwonse, ikutalika kapena mphete yake ikumira. Chotsani hedi isanaduke.

Tsiku loyamba kuiliza nditani?

Chotsani mapulagi, muzunguze ndi sitata mpaka geji ya oyilo itakwera. Tayiming'i ndi petulo zikhale zokonzeka kuti ingolira kamodzi. Ikalira musaisiye pa idle. Igwireni ikuzungulira pakati pa 2,000 ndi 2,500 pa mphindi kwa mphindi 20, mukusinthasintha pang'ono, kuti camshaft ndi ma lifter, tizitsulo timene imakankha, zizolowerane zikusamba oyilo. Oyiloyo akhale wa zinc wokwanira, amene pa botolo amalemba ZDDP. Mnzanu mmodzi aziyang'ana mageji, wina aziyang'ana zodontha. Malata onse akhale atamangidwa, ngakhale muli ndi changu chotani. Mukazimitsa tayani oyiloyo akadali wotentha, muunike ngati muli tizitsulo tonyezimira, ndipo m'mawa mwake muyesenso mavalavu.

Ndili pa chitunda chachitali, geji ya hedi ikukwera. Nditani?

Tsitsani giya. Ambiri amaopa kumva injini ikulira kwambiri, n'kumaikakamiza mu giya yapamwamba phazi lili pansi. Pamenepo moto ndi wochuluka koma fani ikuzungulira mwaulesi, poti imatsatira crankshaft. Mukatsika kuchoka pa 4 kupita pa 3 n'kubweza phazi pang'ono, katundu amapepuka, mpweya umachuluka, ndipo singano imayamba kutsika mukuona. Matayala aakulu kapena giya yotalika mopitirira zimabweretsa vuto lomweli ngakhale pamalo athyathyathya.

Ngati siikutsika, patukani. Lamba ali bwino, musazimitse nthawi yomweyo. Isiyeni ilire mopepuka mphindi ziwiri kapena zitatu kuti fani ichotse kutentha kwa m'mahedi. Musathire madzi pa injini yotentha, hedi ingang'ambike. Ikazizira yang'anani lamba, pisani dzanja kuseri kwa fani, onani oyilo, ndipo mukafika kumene mukupita muyese mavalavu musanayambe ulendo wina.